Chilonda cha Dona ndi Mpanda wa Apongozi

Anthu akwathu akamakumbuka chaka chija mvula inadula chimanga chili ndi ngayaye, amakamba za mizere yogulira chimanga ku depoti ndi za mbuzi zimene anagulitsa motaya. Ine ndikachikumbuka ndimayamba ndamva fungo m'mphuno. Ndicho chaka chimene ng'ombe yanga inangotsala pang'ono kupita ku butchala chifukwa cha chilonda chimene amuna awiri andevu zawo ankachikhudza tsiku ndi tsiku osachiona.

Novembala

Ine ndine Mchewa wa cha ku Tamanda, koma ndinakwatiwa kwa Angoni, m'mudzi wina kufupi ndi Mtenguleni. Amuna anga ndi a Lazalo, atate ake Tiza, munthu wofatsa amene amaopa zinthu ziwiri zokha: njoka ndi kutsutsa atate awo. Apongozi anga, a Shawa, ndi nkhalamba yanthabwala, youma maondo, yokonda ng'ombe kuposa anthu ena a m'mudzimo. Pabanja pawo panatsala mwambo umene mabanja ambiri anausiya kalekale, woti mkazi wokwatiwa pamenepo saponda m'chibaya, khola lija la ng'ombe lozunguliridwa ndi mitengo. Ankati akapondamo ng'ombe zimapita padera. Zaka zonsezo ine sindinadandaule nazo. Ndani angalilire kuponda ndowe?

Zinavuta atabwera Dona. Ng'ombe ya mkaka imeneyi, yakuda ndi mawanga oyera, ndinailandira ine kudzera ku gulu lathu la amayi. Dzinalo anapereka ndi apongozi, ataona kuti iyo siipita kubusa ngati zinzake, imangoima pamthunzi kudikira kuti chakudya chiipeze. Poopa akuba, anaimangira kakhola ka denga m'kati mwa chibaya, pakona. Ndiye ng'ombe inali yanga, womweta nsenjere ndine, wotunga madzi ku mjigo ndine, koma zonsezo ndinkafikitsa pampanda n'kupatsira pamwamba. Kukama kunali kwa amuna. Dona ndinkamudziwa kuyambira pamphuno mpaka pamsana, kunsiku ndinkangomva.

Mwezi umenewo Dona anaberekanso. Anali atakula ndithu, ndipo bere lake, lomwe linali lolendewera kale, linatupa mpaka ankayenda motangadza. Apongozi ankaitana aliyense wodutsa m'njira kuti adzaone. Ng'ombe zawo zachingoni, zija za linunda, mabere ake ndi ongokwana m'dzanja, ndiye ili ankaliona ngati chozizwitsa. Mvula yoyamba itagwa tinadzala, mitima ili mbee.

Disembala

Mvula inkagwa monyinyirika, tsiku limodzi ndiye kusowa sabata. Pakatipo dzuwa linkawamba koopsa, ndipo Dona ankapuma wefuwefu, lilime panja. Apongozi anamumvera chisoni n'kuyambitsa dongosolo lawo. Masana aliwonse ankamuthira ndowa za madzi pamsana, uku akumuimbira nyimbo za gule wa ngoma. Madziwo ankatsetsereka m'nthiti, kutsikira kumimba, n'kukathera pansi pomwe pali ndowe. Dona akazizidwa bwino ankagona pomwepo, m'matope ake.

Wosenza madziwo ndinali ine, ndipo ndinkasenza mokondwa. Ndinkati ng'ombe yanga ikusamalidwa kuposa ine mwini wake. Mkaka unkatuluka wochuluka, atate ake Tiza ankaupalasa panjinga kupita nawo komwe alimi timasonkhanitsa, wina n'kutsala wa ana ndi wa chambiko cha apongozi, chimene iwo amachitcha amasi.

Januwale

Nkhokwe zambiri m'mudzi zinagona mu Januwale. Mtengo wa meda, kachitini koyezera chimanga, unkasintha ngati ukuthamangitsidwa, wa m'mawa wina, wa madzulo wina. Kunkamveka kuti chimanga chikuwolokera ku Malawi panjinga podzera njira zachidule za ku Mwami, ena n'kumati ayi, chikuchita kuchokera komweko. Aliyense anali ndi msuweni amene anaona ndi maso. Anzathu anayamba kugulitsa mbuzi, kenako ng'ombe zolimira.

Ife sitinagone ndi njala, ndipo ndinene mosabisa kuti anatidyetsa ndi Dona. Mkaka ndiwo unkagula ufa, sopo ndi gaga wake yemwe. Nelia, mnzanga wa nyumba yoyandikana, ankabwera ndi kakapu madzulo, ana ake n'kumwera phala la mkaka.

Fungo ndinayamba kulimva pochapa. Malaya a atate ake Tiza ankanunkha padzanja lamanja, pomwe mkono umakhudza mimba ya ng'ombe pokama. Fungo la ndowe ndimalidziwa, la thukuta la mwamuna wanga ndiye ndikhoza kulizindikira pamsika. Ili linali lina, la nyama yoiwalika mumphika.

"Atate ake Tiza, mukumagwira chiyani m'chibayamo?" ndinafunsa.

"Ni khoswe chabe anafera mu udzu," iwo anatero, maso ali kumbali.

Khosweyo anakhala wakufa mwezi wathunthu, akununkhirabe.

Febuluwale

Mvula inadula. Chimanga chinali chitangomasula, ndipo tinkachiona chikupota masamba m'mawa uliwonse mpaka chinayera ngati chapsa ndi moto. Kumwamba kunali kowala mochititsa manyazi. Pamwamba pa zimenezo kunabuka mphekesera yoti kwinakwake kwagwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo a boma akangomva za ng'ombe ya zilonda amatseka mudzi wonse, osatulutsa nyama kapena mkaka.

Tsiku lina ndinaona madontho a oyilo wakuda pa ndowa yokamira. Pamenepo ndiye ndinawakhalira pakhosi amuna anga mpaka anaulula. Anati pokama ankamva kunyowa kutsogolo kwa bere, pomwe limalumikizana ndi mimba, ndipo dzanja linkabwera ndi mafinya. Atate awo anati ndi bala la nkhupakupa, n'kulamula kuti azipaka oyilo wa injini, monga amachitira ndi ng'ombe zawo.

"Nanga mwachiona chilondacho?"

"Chioneka bwanji? Chili kunsi, mukati. Ukati usuzumire, Dona aponya mwendo. Tipaka chabe na dzanja."

"Tiitane a veti."

"Amake Tiza, mufuna mudzi wonse utizonde? Akatseka mkaka chaka chino, anthu adzadya chani? Atate akamba kale na a Saidi. Abwera pa Mande, Ncwala ikatha."

A Saidi ndi mwini butchala m'tauni, munthu waulemu amene akazi ake ankagula mkaka wathu. Apongozi anaganiza zoti Dona apite asanaonde, ndalama yake tigule chimanga. Sanachite mwankhanza. Masiku amenewo anasiya kuimba, ndipo ndinawaona ataima pampanda akumusisita Dona pamphumi. Koma ine mtima unandiwawa kwambiri. Chimanga cha ng'ombe imodzi chikanatha, ndipo pambuyo pake tikanatsala ndi chingwe chokha.

Loweruka la Ncwala, mwambo waukulu wa Angoni ku Mtenguleni, amuna onse ananyamuka m'mamawa atavala zikopa, zishango ndi zibonga m'manja. Apongozi, omwe sabata yonse ankadandaula maondo, anatsogola akudumpha. Njala inalipo, koma Mngoni sajomba ku Mtenguleni. Pamudzi tinatsala amayi ndi nkhuku.

Ndinamuitana Nelia. "Palibe munthu, lowa chabe," iye anatero. "Ng'ombe sizikamba."

Ndinafika mpaka pachipata, dzanja lili pamtengo wotsekera, koma mwendo unakana. Sikuti ndinkakhulupirira zopita padera zija. Koma nkhalamba ija sinandilankhulepo mawu oipa chikwatiwire, ndipo sindinafune kuipondera mwambo wake iyo ili kovina.

Ndinalowa m'nyumba n'kukachotsa galasi langa loonera nkhope, lija anandipatsa amayi anga pa ukwati. Tinalimangirira kunsonga ya nsungwi yaitali ndi malegeni, timizere tija ta mphira. Nelia anathira gaga m'beseni n'kumukokera Dona kufupi ndi mpanda, ine n'kugona chafufumimba kunja, kulowetsa nsungwi pakati pa mitengo mpaka galasi linafika pansi pa mimba. Dona ankangodya, osasamala kuti amayi awiri akumusuzumira.

Pamenepo ndinachiona. Kutsogolo kwa bere, pakhwinya pomwe mbali ziwiri zimakumana, panali chilonda chachikulu ngati chikhatho changa, chofiira pakati, chonyowa, m'mphepete muli nkhanambo zosakanikirana ndi oyilo ndi ubweya. Ntchentche zinali pa phwando. Nsonga zokamira zinali zosalala bwinobwino, n'chifukwa chake wokama sakanaona kanthu.

Nelia anajambula galasilo ndi foni yake, ndipo tinatumiza pikichayo kwa a Mwanza, mayi wa zaziweto amene amayendera gulu lathu. Potumizapo ndinkadziwa kuti ngati amuna aja akunena zoona, ndaitanira mudzi wonse tsoka. Yankho linabwera lisanapendeke dzuwa: "Musagulitse. Nibwera Mande m'mawa. Lekani oyilo."

Lolemba honda, njinga yamoto ya a Mwanza, inafika a Saidi asanatulukire. Amuna anga anandiyang'ana ngati ndawotcha nyumba. Apongozi nawo anandiyang'ana ine, ndili chogwada patali monga mwa ulemu wake.

"Ndine ndinawaitana, atate," ndinatero. "M'chibaya sindinalowe. Linalowa ndi galasi."

A Mwanza anavala magulovu n'kulunjika kuchipata. Atate ake Tiza ananong'oneza atate awo kuti nanga uyu si mkazi? Nkhalamba inaganiza pang'ono n'kunena mokweza kuti, "Uyu si mtengwa wa pano. Uyu ni boma. Lowani, amayi."

Sanayambire kubere. Anamutsegula Dona kukamwa n'kuyang'ana lilime ndi nkhama, ananyamula phazi lililonse kuona pakati pa ziboda, anamupima kutentha kwa thupi, n'kumusisita khungu lonse kuyambira m'khosi. Kenako anakama pang'ono nsonga iliyonse m'kambale kakuda n'kupendeketsa mkakawo padzuwa. Ankagwira ntchito uku akulankhula, mokweza kuti inenso ndimve kunja kwa mpanda.

"Aja matenda muopa, ng'ombe imachucha dovu, imatsimphina, mkamwa muli matuza, ndipo siidwala imodzi chabe. Iyi ikudya monga ili pa ukwati. Aja a zotupa pakhungu, mukanaona mibulu thupi lonse. Bere silikutentha, mkaka ulibe magaga. Mudzi wanu sinitseka, a Shawa, pumani."

Apongozi anapumadi, mpweya wake tinaumva tonse. A Mwanza anapempha galasi langa lija, nsungwi yake ili pomwepo, n'kuwaonetsa amuna awiriwo chilonda chawo. Atate ake Tiza anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Nanga walodza ndani?" anafunsa apongozi, mwina mwanthabwala, mwina ayi.

"Palibe. Ichi chimakonda ng'ombe za mkaka wambiri, zimene zabereka kangapo, za bere lolendewera monga ili mumanyadira. Ikabereka bere limatupa, khungu likhulana lokhalokha apa pakhwinya, mphepo siifika. Pakakhala ponyowa, khungu lifewa, lisupuka, tizilombo ta mu ndowe tilowa. Nthawi zina mphere zimayambitsa kapena kuonjezera, ndiye nipala pang'ono khungu nikapime ku Chipata. Kunena chimodzi chokha kuti ni ichi, ningakunamizeni. Koma niuzeni, chilala chonse ichi, matope aya achoka kuti?"

Apongozi anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ndine mvula yake," anatero.

A Mwanza anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati kuziziritsa ng'ombe si kulakwa, koma madzi asamathere pogona pake, ndipo oyilo uja anangotsekera dothi m'kati. Anameta ubweya kuzungulira chilondacho, anachitsuka, anachiumitsa ndi nsalu yoyera n'kupopera mankhwala. Kenako nkhope inasintha. Anati pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo chilonda chikadya mpaka kuufika, ng'ombe ikhoza kutaya magazi n'kufa anthu akuyang'ana. Anati zilonda zotere zimapola mochedwa, miyezi, ndipo zimafuna munthu wotsuka ndi kuumitsa tsiku lililonse osatopa.

A Saidi atafika anapeza nkhani yatha. Anamwa tiyi wa mkaka wa Dona yemweyo, n'kunena kuti akazi awo akanawakalipira akanapha ng'ombe imene imawadyetsa. Koma apongozi anawauza potsanzikana kuti chilonda chikakana, adzawaitananso.

Malichi

Zopima zija zinachedwa, chifukwa magetsi ankazima tsiku lonse m'tauni, ndipo zitabwera zinati mphere palibe. Kutsala ntchito ya manja basi. Ndowe tinachotsa, ine ndinkasenza mchenga wouma kumtsinje womwe unali utaphwa, amuna n'kumwaza pogona Dona. Madzi a masana anayamba kumuthirira pakhosi ndi pamapewa pokha, ataima pamalo ena.

Koma kutsuka chilonda kunawakanika. Atate ake Tiza, munthu woti amasenda mbuzi osaphethira, akangoyandikira fungo lija ankachita nseru n'kupopera mankhwala ali chitseke maso, ena kumwendo, ena pansi. Apongozi anayesa kugwada, maondo n'kukana kuwadzutsa, mpaka tinachita kuitana anthu. Ine ndinkagona kunja ndi galasi langa n'kumalamula ngati kapitawo. "Kumanzere! Pukutani kaye! Nsalu ija mwagwetsa pansi musaibwezerenso!" Anthu opita ku depoti kukaima pamzere wa chimanga ankayamba aima kaye kuti aonere.

Zinali zoseketsa, koma galasi silinkanama. Chilonda chinkakula cha kutsogolo. M'mawa wina ndinaona timadontho ta magazi pamchenga, ndipo tsiku limenelo nsima inandikanika.

A Mwanza atabweranso anagwedeza mutu. "Mankhwala alibe mlandu," anatero. "Apa pafunika munthu wodziwa kusambitsa khanda, uja amapukuta m'makwinya a m'khosi mpaka muume. Mukapitiriza so, itanani a Saidi ikali na nyama." Polankhula sanandiyang'ane, koma aliyense anadziwa amene ankamunena.

Apongozi madzulo ake anakana amasi awo. Ine ndinali nditatsimikiza mumtima kuti sindiwapempha, chifukwa kuwapempha kukanakhala kuwauza kuti asankhe pakati pa ng'ombe ndi makolo awo. Ndinangokhala kuseri kwa nyumba n'kulira pang'ono, Nelia akundiuza kuti ndine wopusa.

Kutacha ndinamva kugunda kwa khasu ndi nkhwangwa. Nditatuluka ndinapeza nkhalamba ili ndi chibonga m'manja ikuloza, amuna anga ali thukuta kamukamu akuzula mitengo ya mpanda pakona ya Dona. Sanaitaye. Ankaizika kachiwiri mbali inayo ya kakhola, pakati pa Dona ndi ng'ombe zinzake. Dzuwa lisanafike pamutu, mpanda unali utakhota ngati walumidwa, ndipo kakhola ka Dona, kosasuntha ngakhale pang'ono, kanali kunja.

Apongozi anakhoma chibonga pamtengo womaliza. "Amake Tiza," anaitana, osandiyang'ana mwachindunji. "Chibaya cha a Shawa chithera apa. Uko ni kubwalo chabe. Kubwalo sinilamulirako nkhuku kapena munthu."

Ndinagwada n'kuwomba m'manja. Kenako ndinatenga madzi ofunda ndi nsalu zanga zowiritsa, n'kuyenda pamalo pomwe dzulo lake panali poletsedwa. Dona anatembenuka n'kundinunkhiza kumutu. Zaka zonsezo ndinali ndisanamugwirepo pamimba, ndipo panali pofunda ngati mwana wogona.

Fungo lija pafupi linali loopsa, ndisaname. Koma amene analerapo ana sathawa fungo.

Epulo

Ndinkatsuka m'mawa ndi madzulo, kupukuta mpaka pakhwinya paume, kupopera, kenako kuyang'ana ndi galasi. Kukama ndinaphunziranso, ndipo Dona, amene ankaponya mwendo kwa amuna anga, kwa ine ankangobzikula. Atate ake Tiza anati ng'ombeyo ndi yatsankho. Sabata zoyamba sindinaone kusintha, moti ndinkaopa kuti mpanda wasunthira pachabe. Kenako ntchentche zinayamba kuchepa, m'mphepete mwa chilonda munayamba kuyera, ndipo tsiku lina ndikuchapa ndinazindikira kuti chitenje changa chikununkha sopo yekha.

Amayi a m'gulu lathu atamva, anayamba kubwereka galasi lija. Awiri anapeza tizilonda tongoyamba kumene pa ng'ombe zawo, pamalo omwewo, n'kuthamangira kwa a Mwanza tisanakule. Galasi langa la ukwati linayenda m'makola ambiri kuposa mmene linaonera nkhope yanga.

Meyi

Tinakolola mwa mwambo chabe. Munda umene unkadzaza ngolo maulendo angapo unatipatsa zitsononkho zokwana pansi pa ngolo imodzi, ndipo ng'ombe zokoka zinabwera nazo zikuthamanga. Mapesi okha ndiwo anachuluka, tinawaunjika padenga kusungira Dona. Chaka chimenecho tinadya chimanga chogula mpaka mvula ina, ndipo chonsecho chinadzera m'bere lomwe lija.

Chilonda chinatseka m'nyengo yozizira, n'kusiya chipsera chopanda ubweya chimene ndimachiyang'anabe Loweruka lililonse. A Saidi akakumana nane m'tauni amafunsa kuti, "Dona ali bwanji, uja ananithawa?"

Apongozi masiku ano amakhala pampando m'kati mwa chibaya chawo, ine ndikukama kunja, pakati pathu pali mitengo ija. Ndikatha ndimawapatsira kapu pamwamba pa mpanda, monga ndinkachitira ndi udzu kale. Akabwera alendo amawauza monyada kuti pabanja pawo mwambo sunaphwanyidwepo, ndipo amanena zoona. Mpaka lero sindinapondemo m'chibaya cha apongozi anga. Chinasuntha ndi chibayacho.